Ng'anjo za ku Lifupa zikusowa mlembi

Alendo ambiri amapita ku Lifupa kukaona njovu ndi mvuu padamu. Koma m'nkhalango yomweyo ya Kasungu, yomwe idasanduka paki mu 1970, muli ng'anjo zomwe makolo ankasungunuliramo chitsulo cha makasu ndi nthungo, komanso mabwinja a malinga momwe anthu ankabisala pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Apa pali chiyambi cha mabuku omwe Chichewa chikusowa kwambiri: nthano zazitali za mbiri yakale, za ngwazi, ziwembu, akazitape ndi kuthawa usiku, zimene mwana wasukulu angawerenge mpaka tambala woyamba.

Alexandre Dumas wa ku France adaonetsa mu 1844 mmene nthano yotere amaiumbira. M'buku la The Three Musketeers adatenga anthu enieni, Mfumu Louis XIII ndi Kadinala Richelieu, n'kuwaika pakati pa anyamata a malupanga omwe zochita zawo zambiri adazipeka yekha. Kasungu ali ndi nkhani yoposa pamenepo. Mu Disembala 1895 asilikali a boma la Angerezi adathira nkhondo Mwase Kasungu, mfumu yomwe idakana kugonjera Azungu ndipo inkasunga wamalonda wina dzina lake Saidi Mwazungu. Linga litagwa, Mwase adasankha kudzipha kusiyana n'kugwidwa. Mwezi womwewo Mlozi, wamalonda a akapolo, adanyongedwa ku Karonga. Nanga wonyamula mauthenga pakati pa phiri la Kasungu ndi nyanja adaona zotani? Wosula zitsulo amene ankakonza mfuti za gogodera ankaganiza chiyani? Malipoti a atsamunda alibe nawo ntchito anthu otere, koma mlembi wa nthano angawapatse dzina ndi mawu.

Ena amati nthano zotere zimapotoza mbiri ndipo zingatamande mafumu omwe manja awo adadetsedwa ndi malonda a akapolo ndi minyanga. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo mlembi wobisa ukapolo angakhale wabodza. Komabe Thomas Mofolo, polemba Chaka m'Chisotho, buku lomwe lidatuluka mu 1925, adaonetsa ukulu wa mfumu ya Azulu pamodzi ndi nkhanza zake, osachepetsa mbali iliyonse. Kupotoza kwenikweni kudachitika pamene ena adatilembera nkhani zathu: mu King Solomon's Mines ya H. Rider Haggard, ya mu 1885, wofotokoza nkhani ndi mlenje wachizungu, ndipo dziko la Aafirika ndi malo ofunirako chuma basi.

Njira ilipo kale. Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene adalemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, adalembanso Msyamboza, moyo wa mfumu ya ku Dowa yomwe idapyola m'nyengo ya Angoni, Aluya ndi amishoni. Adasonkhanitsa nkhaniyo kwa akuluakulu omwe ankaikumbukira. Mlembi wa lero angachitenso chimodzimodzi m'midzi yozungulira pakiyi, komwe kukukhala zidzukulu za anthu omwe adasamutsidwa m'nkhalangomo, ndipo mayina a mabwinja awo adakali pakamwa pa agogo.