Mbuzi ikapoloza, samalani manja ndi mkaka

Kuno ku Chamama mlimi akagulitsa fodya ku Chinkhoma, ndalama ina amaisungira m'khola, amagula mbuzi kapena ng'ombe. Inunso usipa ukagwidwa bwino mumachita chimodzimodzi. Koma pali matenda ena amene amalowa pakhomo pamodzi ndi chiweto chatsopanocho, ndipo akachoka m'khola amagwira munthu. Achipatala amawatchula kuti brucellosis.

Dzinali likuchokera kwa dokotala wa asilikali a ku Britain, David Bruce, amene anapeza kachirombo kake pa chilumba cha Malta mu 1887. Mu 1905 dokotala wina wa komweko, Themistocles Zammit, anatulukira kuti anthu ankadwala chifukwa cha mkaka wa mbuzi wosawiritsa. Bruce yemweyo anadzabweranso kuno ku Nyasaland kudzafufuza kaodzera, matenda amene ife a ku Kasungu ndi Nkhotakota timawadziwa bwino.

Chovuta nchakuti chiweto chodwala chimaoneka chabwinobwino. Chimadya, chimanenepa, pa Idi ya Qurbani mutha kuchisankha osakayika. Chizindikiro chachikulu ndi kupoloza bere litakula kale, nsengwa kukanirira osatuluka, kapena kubereka kamwana kofooka. Tizirombo timakhala tambirimbiri m'mwana wakufayo, m'nsengwa ndi m'madzi otuluka pobereka. Tsono taganizani amene amagwira zimenezi: bambo wothandiza ng'ombe kubereka ndi manja osavala kanthu, mnyamata wotumidwa kukataya, mayi wosesa m'khola. Kachilonda ka mbedza kapena ka khasu pachala nkokwanira kuti tilowe. Timalowanso m'maso ndi m'mphuno.

Ife amene timazinga nyama tili pangozi kuposa anzathu, pamodzi ndi osenda chikopa ndi otsuka matumbo. Kutchula Bismillah kumachititsa nyama kukhala halali, koma sikupha kachirombo. Ngati muli ndi bala kudzanja, mpatseni mnzanu mpeni tsiku limenelo. Nyama yophikidwa bwino ilibe vuto. Chiwindi chootcha mwachangu, chofiira m'kati, ndiye ayi.

Njira imene imagwira banja lonse ndi mkaka. Mnyamata wa kubusa amakama nkumwa pomwepo, agogo amakonda chambiko cha mkaka wosawiritsa. Ena amati ukasasa ndiye kuti tizirombo tafa. Si zoona. Wiritsani kaye mpaka ubwate, kenako muziziritse nkuuika kuti usase. Kupatsirana munthu ndi munthu sikuchitikachitika, choncho wodwala musamusale mbale kapena mkeka.

Matendawa amayamba pakatha masabata awiri kapena anayi, nthawi zina miyezi iwiri, munthu ataiwala kale za mbuzi ija. Thupi limatentha madzulo, kucha lazizira, mawa latenthanso. Usiku thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, msana ndi mfundo kuphwanya, kuwonda, ndipo abambo ena amatupa kumaliseche. Mayi woyembekezera akhoza kupita padera. Poti kunyanja malungo ndi a tsiku ndi tsiku, aliyense amathamangira LA, ndipo sapeza bwino. Akakupimani nkupeza kuti mulibe malungo koma kutentha kukubwererabwerera, auzeni adokotala mosabisa kuti mumaweta, mumazinga, kapena kuti mbuzi inapoloza kwanu. Popanda mawu amenewo nkovuta kuti aganizire za matendawa. Mankhwala alipo, amaphatikiza mitundu iwiri, monga doxycycline ndi rifampicin, kwa masabata 6. Ambiri akamva bwino sabata yachiwiri amasiya, matenda nkubwerera, mwina nkukhazikika m'mafupa a msana.

Katemera wa anthu palibe, wa ziweto ndiye alipo, ndipo za ameneyo funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Chiweto chikapoloza valani majumbo awiri m'manja, kumbani dzenje lakuya kutali ndi chitsime, kwirirani zonse, nkusamba ndi sopo. Musaponyere agalu, musataye m'nyanja kapena mumtsinje. Chiwetocho chipatuleni, mkaka wake musaumwe wosawiritsa, ndipo awuzeni alangizi tsiku lomwelo. Koma kuthamanga nacho kumsika kuti vuto likagwere Msilamu mnzanu kapena mnansi aliyense, uku ndi kubisa chilema pa malonda, ndipo Chisilamu chimaletsa. Pogula mbuzi yoti muwete, funsani ngati inaberekapo ana amoyo, ndipo muimangire payokha masabata angapo musanaisakanize ndi zinzake.