AMBULANSI SIYENDERA MZERE WA PA CIGAYO

Ambiri a ife okhala m'makomboni timadandaula kuti ambulansi imacedwa. Ena amati anayamba ndiwo kutuma lamya, koma galimoto inapita kwa anzao. Dandauloli ndi lomveka, koma tiyenera kudziwa kuti ambulansi siyendera mzere monga wa pa cigayo. Imayamba yapita kwa munthu amene moyo wake uli pangozi yaikulu.

Cifukwa cake ndi ici. Munthu akaleka kupuma, ubongo wake umayamba kuonongeka pakangopita mphindi 4 kufikira 6. Mai amene akutaya magazi kwambiri atabereka angathe kumwalira m'maola awiri okha ngati sathandizidwa. Koma wothyoka dzanja, ngakhale amve kuwawa kotani, angathe kuyembekezera pang'ono.

Tikumbukirenso kuti ambulansi yomweyo ndiyo imanyamula odwala kucokera ku makiliniki kupita nao ku Chipata Central Hospital. Nthawi zina imapereka wodwala ku University Teaching Hospital ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500. Ikakhala pa ulendo wotero, sithandiza wina aliyense kuno.

KODI NTHAWI IMAPIMIDWA BWANJI?

Kawirikawiri amawerenga mphindi kuyambira pamene lamya yalandiridwa kufikira galimoto itafika pamene pali wodwala. Ku England, mu 2017, anagawa oitana ambulansi m'magulu anai. Gulu loyamba, la amene mtima waima kapena aleka kupuma, anaika kuti afikiridwe m'mphindi 7 mwa avereji, ndiponso kuti 9 mwa anthu 10 aliwonse afikiridwe zisanakwane mphindi 15. Gulu laciwiri, monga la ogwidwa sitiroko, anaika mphindi 18 mwa avereji.

Nanga ndi cifukwa ciani anaika miyeso iwiri? Avereji payokha imabisa zambiri. Tiyerekeze kuti mabanja 10 aitana ambulansi. Mabanja 7 afikiridwa m'mphindi 5, koma atatu ayembekezera mphindi 55. Avereji yake ndi mphindi 20, ndipo pa pepala cioneka cabwino, cikhalirenico mabanja atatu anakhala pafupifupi ola lathunthu ali ndi wodwala m'manja.

NTHAWI IMENE IMATAYIKA PA NYUMBA

Pali nthawi ina imene koloko ya cipatala siiwerenga. Mu 2024 munakwana zaka 30 kucokera pamene ofufuza awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, analongosola kucedwa kwa mitundu itatu kumene kumaphetsa azimai apakati: kucedwa kuganiza zopita ku cipatala, kucedwa panjira, ndi kucedwa kuthandizidwa atafika. Kucedwa koyambako kuli m'manja mwathu. Kuyembekezera kuti bambo abwere ku nchito kapena kuti kuce kumadya nthawi imene dalaivala sangaibweze, ngakhale athamange cotani.

Cotero, owerenga athu, sungani izi:

1. Nambala ya ambulansi muno m'Zambia ndi 992, koma lembaninso pa cipupa nambala ya kiliniki yanu.

2. Nenani msanga cimene cacitika: kodi wodwala akupuma, akulankhula, akutaya magazi? Musaonjezere dala, pakuti mungalande galimoto kwa wina amene ali pafupi kufa.

3. Nyumba zambiri za m'komboni zilibe manambala oonekera. Chulani calici, msika, sukulu kapena mpope wa pafupi, ndipo tumani munthu akaime pa mseu.

4. Musazime foni mutatha kuitana.

5. Akakuuzani kuti ambulansi ili kutali, funani galimoto ina mwamsanga. Banja limene muli mai wapakati lisungiretu ndalama ya ulendo.

Cimfine, cifuwa wamba ndi tsiku lokaonana ndi dotolo si za ambulansi ai. Pitani nokha ku kiliniki, kuti galimoto ipezeke pamene mnansi wanu, kapena mwana wanu yemwe, aifunadi.