Choko masana, liwiro m'mamawa, gitala Loweruka

M'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chakuta mzinda wa Blantyre, msewu wa Masauko Chipembere umadzuka msanga kuposa maminibasi. Kusanache n'komwe, pakati pa Chichiri ndi Ginnery Corner pamakhala anthu akuthamanga m'mbali mwa msewu: apolisi, ogwira ntchito m'mabanki, anyamata a mpira, amayi amene kuchipatala adawauza kuti achepetse thupi. Pakati pawo pali gulu limene anthu ambiri saliganizira, ndilo la aphunzitsi. Ikamakwana 7 koloko, bambo amene adakupitirirani ali wefuwefu mu kabudula uja amakhala ataima kale pa asembule, tayi ili pakhosi, akukalipira ochedwa.

Kwa nthawi yaitali, chithunzi cha mphunzitsi m'maganizo a Amalawi chakhala chimodzimodzi: munthu wa choko m'manja, wodikira malipiro, amene akaweruka amapita kukachonga mabuku kapena kukaphunzitsa ana apadera kuti mwezi uthe. Chithunzicho si chabodza. Koma m'matauni a Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu muli aphunzitsi, amuna ndi akazi omwe, amene akukana kuti moyo wawo uthere pa bolodi. Adziikira mtunda wofuna kuthamanga chaka chisanathe, amadziwa kusiyanitsa kakomedwe ka mowa, ndipo oimba akabwera m'dera lawo, salephera. Zitatuzi zimadalira thupi limodzi ndi malipiro amodzi, ndipo m'pamene pagona nkhani.

Ntchito yosaoneka mathero

Kuti munthu amvetse chimene chimadzutsa mphunzitsi 4 koloko m'bandakucha, ayambe waona m'mene ntchito yake ilili. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, kalasi ya ana oposa 100 si chachilendo m'sukulu zambiri. Ku sekondale, makamaka zoyendera za CDSS, mphunzitsi mmodzi amatha kusenza maphunziro awiri kapena atatu, buku limodzi ana akulimbirana.

Cholemetsa kwambiri n'chakuti zipatso za ntchitoyi zimaoneka kamodzi pachaka, bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za PSLCE, JCE ndi MSCE. Ndipo zotsatirazo zili m'manja mwa zinthu zambiri zimene mphunzitsi sangazilamule: njala ya mu February, mwana amene wasiya sukulu chifukwa cha fizi, mtsikana amene wakwatiwa teremu ili pakati. Ana akakhoza, anthu amati ndi anzeru. Akalephera, chala chimaloza aphunzitsi.

Kuthamanga kulibe chinyengo chotere. Amene wathamanga makilomita asanu lero, mwezi wamawa athamanga asanu ndi atatu, ndipo wotchi simunamiza. Kwa munthu amene tsiku lonse amagwirira ntchito tsogolo la ena, kukhala ndi kanthu kamodzi kamene kuyenda kwake kukuoneka ndi maso, ndiponso n'kakekake, ndi mpumulo waukulu.

Maso ali ku Mulanje

Wothamanga aliyense ali ndi mpikisano umene amaulota. Ena amayamba ndi makilomita 5 kapena 10 pa Be More Race, umene banki ya Standard imakonza ku Lilongwe, kenako n'kuyesa wa makilomita 21. Olimba mtima amalakalaka marathoni athunthu, makilomita 42.195. Koma kwa ambiri a kummwera, dzina lomwe limatchulidwa mwaulemu ndi Porters Race, mpikisano wa pa phiri la Mulanje umene umachitika mu July.

Mpikisanowu udayamba ngati wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera njira paphiripo, koma tsopano aliyense amaloledwa. Umayambira ku Likhubula, kukwera chitunda chopita ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, n'kutsikiranso ku Likhubula, mtunda woposa makilomita 20. Alendo amayenda njira imeneyi masiku awiri kapena atatu, akugona m'tinyumba ta paphiri. Akatswiri a m'midzi yozungulira amaimaliza m'maola osakwana atatu. Mphunzitsi wa m'tauni sapita kukalimbana nawo. Cholinga chake n'kufika pomalizira ali choimirira, mawondo akadali ake.

Kukonzekera kwake kumatenga miyezi. Masiku a sukulu amathamanga mtunda waufupi, mphindi 40 kapena ola, n'kubwerera kukasamba. Tsiku limodzi pamlungu n'la zitunda, ndipo Blantyre sasowa zitunda: Ndirande, Soche, Michiru. Wa ku Zomba amakwera msewu wa Ku Chawe. Loweruka m'mawa ndiye tsiku la mtunda wautali, umene amauonjezera pang'onopang'ono, pakuti wofulumira kuonjezera amathera kuchipatala ndi bondo lotupa. Kukatsala milungu iwiri, amachepetsa kuti thupi lipume.

Tsoka lake, kalendala ya sukulu siimva zimenezo. Miyezi yomwe wothamanga amafunika kulimbikira ndi yomweyo imene ana a Fomu 4 akukonzekera MSCE. Pali makalasi obwereza m'mawa ndi madzulo, pali kuyang'anira mayeso, pali mulu wa mapepala ofunika kuchonga teremu yachitatu isanatsekedwe. Aphunzitsi ambiri amene adalemba cholinga chawo mu January amafika mu June atataya milungu ingapo, ndipo amakwera basi ya ku Mulanje akudziwa kuti phiri likawafunsa za milungu imeneyo.

Ndalama nazo zili ndi mawu. Nsapato zatsopano zothamangira ndi za anthu ena. Mphunzitsi amapita pa kaunjika mumsika wa Limbe, kupinda nsapato ndi manja kuti aone ngati pansi pake padakali moyo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale za pakaunjikazo zidakwera mtengo. Ena amadikira tsiku logawana kubanki m'khonde kuti apeze ya nsapato, yolembetsera ndi yoyendera.

Kulawa si kuledzera

Nkhani ya mowa ndi yoterera kwa mphunzitsi. Mudzi uliwonse uli ndi mbiri ya aphunzitsi ena amene ankafika m'kalasi Lolemba akununkha kachasu, kapena amene malipiro awo ankathera kwa akatapila ndi kwa mayi wogulitsa mowa. Malamulo a ntchito amaletsa kuledzera pantchito, ndipo makolo saiwala msanga. Choncho mphunzitsi amene amakonda mowa chifukwa cha kukoma kwake amayenda mosamala: samwera pafupi ndi sukulu, salowa malo amene angakumane ndi ana ake, ndipo akamva mawu akuti “Aphunzitsi, mwaswera bwanji?” kuchokera kumbuyo, amayamba wayang'ana kaye ngati woperekayo moni ndi kholo kapena mwana wa Fomu 3.

Komabe dziko lino lili ndi zolawa zambiri kuposa m'mene anthu amaganizira. Fakitale ya Carlsberg idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, ndipo kuyambira 2016 ili m'manja mwa Castel. N'chifukwa chake Mmalawi saitanitsa mowa ndi dzina lalitali; amangoti Green, Special kapena Stout, ndipo wogulitsa amadziwa. Wolawa amazindikira kuti Green ali ndi kuwawa kopepuka kumene kumatsalira kukhosi, Stout ndi wakuda, wolemera, wa fungo la chimera chokazinga, pamene Kuche Kuche ndi wofewerapo. Amadziwanso kuti botolo lozizira mopitirira limabisa kukoma, ndipo limene lakhalitsa padzuwa limasintha fungo.

Kulawa kwenikweni kuli pa mowa wamasese. Wa m'botolo umakoma chimodzimodzi ku Karonga ndi ku Nsanje, koma masese amanena za dzanja la wofulula. Chimera cha mawere chimapereka kukoma kosiyana ndi cha chimanga kapena cha mapira. Mbewu zimaviikidwa, zimamera, zimayanikidwa, n'kusinjidwa. Phala likaphikidwa ndi kuthiridwa chimera, limayamba ngati thobwa lotsekemera, ndipo masiku akamapita shuga uja amasanduka ukali. Wodziwa amangolawa pachipanda n'kunena kuti uwu ndi wadzulo, uwu wapsa bwino, uwu wasasa. Ngakhale Chibuku cha m'paketi chimapitiriza kuwira chili pashelefu, kotero cha lero ndi cha mkuja si chimodzi. Mphunzitsi wa sayansi amene amaphunzitsa za yisiti m'kalasi amapeza phunziro lonse lili mumtsuko wa agogo kumudzi.

Kumene oimba ali

Chachitatu ndi nyimbo, osati za pafoni, koma zomvera pamaso pa oimba, ng'oma ikugunda pachifuwa. Aphunzitsi ambiri a zaka za m'ma 40 adakula ndi Alleluya Band ya ku Balaka ndi mawu a Lucius Banda, amene adamwalira mu June 2024. Adali achinyamata pamene Evison Matafale adamwalira mu November 2001, n'kusiyira abale ake a ku Chileka gulu la Black Missionaries, limene mpaka lero limazungulira dziko lonse kumapeto kwa mlungu. Ma Blacks akalengeza kuti aimba m'tauni, mu staff room nkhani imayamba Lachitatu.

Zikondwerero zikuluzikulu za kunyanja, monga Lake of Stars ndi Sand Music Festival, zimafuna thumba lolemera: tikiti, thiransipoti, pogona. Mphunzitsi amasankha chimodzi pachaka, ngati chatheka. Zotsala ndi za pafupi, monga zoimba za masana a Lamulungu m'tauni, kapena Tumaini Festival ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene polowa n'paulere. Nthawi zina nyimbo yokoma imapezeka pamsika, anyamata akukhwekhwereza banjo ndi babatoni, chida chomwe chidatengera Madalitso Band kuchoka m'misewu ya Lilongwe kukafika ku Ulaya. Ndipo amene adaona Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, akuvina ndi gitala m'manja atapitirira zaka 90, sangauzenso ana ake kuti kuimba n'kwa osaphunzira kapena kwa anyamata okha.

Pali chifukwa china chimene nyimbo zimakokera aphunzitsi. Munthu amene kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndiye woyankhula, maso 80 kapena 200 ali pa iye, amalakalaka malo amene iye angakhale womvera, wosadziwika pakati pa khamu. Enanso amaonera ndi diso la ntchito: m'mene woimba amadziwira kuti anthu atopa, n'kusintha nyimbo, n'chimodzimodzi ndi luso logwira kalasi piriyodi yomaliza kukutentha mu October.

Lachisanu usiku ndi Loweruka m'mawa

Apa m'pamene zitatuzi zimagundana. Oimba a kuno sayamba msanga. Chikwangwani chikati 8 koloko, gulu lenileni limakwera pansanja cha m'ma 11, n'kumaliza kunja kukuyera. Mowa umachotsa madzi m'thupi, umasokoneza tulo, ndipo umachedwetsa minofu kuchira. Wothamanga amene wachezera gule Lachisanu sangathe makilomita 18 Loweruka. Akuluakulu adanena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chodabwitsa n'chakuti pa zitatuzi, kuthamanga ndiko kumalamula. Cholinga cha mpikisano chimachita zimene ulaliki ndi makalata ochenjeza a ahedi zimalephera: chimapatsa munthu chifukwa chake chake choikira malire. Mabotolo awiri, madzi pakati, n'kunyamuka. Dansi isamukire Loweruka usiku, mtunda wautali utatha, Lamulungu n'kupuma. Mwezi womaliza mpikisano usanachitike, ena amasiyiratu. Anzawo kumowa amawaseka kuti akuthawa raundi, koma iwo amadziwa kuti botolo lachitatu amakalilipira pachitunda cha Chambe.

Si onse amakwanitsa. Alipo amene nsapato zawo zili pansi pa bedi chiyambire February, ndipo alipo amene kulawa kudasanduka kumwa. Kwa aphunzitsi aakazi njira ndi yothina kwambiri: kuthamanga kusanache kumafuna gulu chifukwa cha achifwamba ndi agalu, ndipo mayi amene waoneka kudansi amanenedwa kuposa bambo.

Koma kumene zikutheka, phindu limafika mpaka m'kalasi. Dziko lino latulutsapo othamanga amene adamveka kunja: Catherine Chikwakwa adapata mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse lapansi ku Grosseto, Italy, mu 2004, ndipo Tereza Master adathamanga marathoni pa Olympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016. Ana a liwiro lotere ali m'sukulu zathu lero, ambiri akuyenda makilomita angapo wapansi tsiku lililonse. Masewera a m'sukulu nthawi zambiri amathera pa kuponyera anyamata mpira ndi atsikana wa manja, mphunzitsi n'kukhala pamthunzi. Mphunzitsi amene iye mwini amathamanga sakhala pamthunzi. Amadziwa kuyeza bwalo, kugwira wotchi, ndi kuzindikira mwana amene akumaliza ulendo wachinayi osapuma movutikira. Unduna wa Zamaphunziro ukamakamba zokweza maphunziro umawerenga makalasi, madesiki ndi mabuku, ndipo n'zoyenera. Koma uyeneranso kufunsa ngati mphunzitsi akutsala ndi nthawi, mphamvu ndi kangachepe koti akhalire munthu akaweruka, pakuti amene watheratu pofika Lachitatu alibe choti angapatse mwana Lachinayi.