KATUNDU WOPITIRIRA MUYESO ANAGWETSA NDEKE, ANTHU 9 NAFA

Pa Ciwelu madzulo, pa 25 August, 2001, ndeke yaing'ono ya mtundu wa Cessna 402B inanyamuka pa bwalo la ndeke la Marsh Harbour, pa zisumbu za Abaco m'dziko la Bahamas. Ulendo unali wopita ku Opa-locka m'cigawo ca Florida ku America, tsidya lina la nyanja. Koma ndekeyo sinapite patali. Itangocoka pansi inapendeka, nigwera m'dambo pa mtunda wa mamita 60 okha kucokera pothera msewu wake wonyamukira.

Anthu onse 9 amene anali m'ndekemo anataya miyoyo yao, ena pomwepo, ena patangopita nthawi yocepa. Mmodzi wa iwo anali Aaliyah Haughton, woyimba wochuka wa ku America, mtsikana wa zaka 22 zakubadwa. Iye ndi anzace a pa nchito anali atapita ku zisumbuzo kukajambula cithunzithunzi ca nyimbo yake yochedwa "Rock the Boat".

Nchitoyo inatha msanga, ndipo gululo linaganiza zobwerera kwao tsiku lomwelo m'malo modikira m'mawa mwake monga anali atakonzera. Ndeke imene inapezeka inali yocepa kuposa imene inawabweretsa, koma anthu onse pamodzi ndi zikwama zao anapakiridwa momwemo. Mboni zimene zinali pabwalopo zinasimba pambuyo pake kuti cenjezo la kulemera kwa katundu linaperekedwa, koma ulendo sunalekeke.

Akatswiri ofufuza ngozi anapeza kuti ndekeyo inasenza makilogalamu pafupifupi 320 pamwamba pa muyeso wake. Kumeneku ndi kulemera koposa matumba asanu ndi limodzi a cimanga a makilogalamu 50 lililonse. Inanyamulanso munthu mmodzi woonjezera pa ciwerengero cololedwa.

Coipitsitsa cinali cakuti kulemera kwambiri kunali cakumbuyo. Ndeke iliyonse ili ngati sikelo: opanga ace amalemba malire a katundu ndiponso malo amene katunduyo ayenera kukhala. Kumbuyo kukalemera mopitirira, mphuno ya ndeke imadzuka kwambiri ponyamuka, liwiro limacepa, ndipo mphepo imaleka kunyamula mapiko. Zotere zikacitika m'mwamba kwambiri, woyendetsa waluso angathe kutsitsa mphuno, napezanso liwiro. Koma pafupi ndi nthaka palibe danga lotero. Ndico cifukwa cace mphindi zoyamba za ulendo wa pa ndeke zili zoopsa, ndipo colakwa cocitikira pansi, injini isanalizidwe n'komwe, cimaonekera pa nthawi imeneyi.

Kufufuzako kunaululanso za woyendetsa. Iye sanali wobvomerezedwa kuulutsa ndeke imeneyo, ndipo madokotala popima mtembo wace anapezamo zizindikiro za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ochedwa cocaine. Motero munthu amene anali ndi udindo wokana ulendowo sanali woyenera ngakhale kukhala pa mpando wa woyendetsa.

Lamulo la kayendetsedwe ka ndeke limapatsa woyendetsa mau otsiriza. Iye ayenera kuwerengera kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta asananyamuke, ndipo akaona kuti zapitirira, ali ndi mphamvu yotsitsa katundu kapena munthu, kaya munthuyo ndi wolemera kapena wochuka cotani. Pa Marsh Harbour lamulo limeneli silinatsatidwe.

Aliyense amene anakwerapo bwato lodzaza kufikira madzi afika m'milomo, kapena lole yosenza matumba ndi anthu pamwamba pace, adziwa mau aja akuti "tiyeni, tifika bwino." Madzi, msewu ndi mphepo sizimva mau otere. Cikhala kuti anthu aja anagona usiku umodzi wokha pa cisumbupo, kapena kusiyako zikwama zina, mabanja 9 sakadalira maliro. Akuluakulu sananame ponena kuti kuthamanga si kufika.