Kodi "Grecians" a m'Baibulo ndi anthu a ku Greece?

Akulu anati safunsa anadya phula. Pa msonkhano wa mphakati wathu kuno ku Chipata, mnyamata wina wa Grade 12 anabwera ndi Baibulo la Cizungu la King James limene agogo ace anamsiyira. Tinali kuwerenga Nchito za Atumwi mutu 6, pamene panabuka dandaulo lakuti akazi amasiye ena anali kuiwalidwa pogawa cakudya. Atapeza liu lakuti "Grecians" pa ndime yoyamba, iye anati: "Aphunzitsi, awatu anali azungu a ku Greece, alendo cabe. Nanga Ayuda analakwa ciani kuyamba kudyetsa amasiye a kwao?" Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Mnyamatayo anacita bwino kufunsa, pakuti liu limodzi lacikale linali pafupi kusokoneza mphakati wonse.

Tiyambe ndi kumene liuli linacokera. Agiriki eni ace amadzicha Ahelene, ndipo dziko lao amalicha Hellas. Ndiye cifukwa cace Buku Lopatulika la 1922 limati Ahelene pamene Buku Loyera la 1998 limati Agriki, koma ndi anthu amodzimodzi. Ku seminale yaing'ono, pa phunziro la Cilatini, tinaphunzira kuti Aroma ndi amene anawacha Graeci, dziko lao nalicha Graecia. Kucokera pamenepo Cizungu cinapeza mau awiri, "Greek" ndi "Grecian".

Masiku ano "Grecian" linakalamba. Limamveka pokamba za mamangidwe, mitsuko ndi zovala za Agiriki akale, monga m'dzina la ndakatulo ya John Keats ya mu 1819, "Ode on a Grecian Urn". Madoda ena a msinkhu wanga amalidziwa cifukwa ca Grecian 2000, mankhwala aja odetsa imvi. Koma mukakumana ndi wamalonda wa Cigiriki ku Lusaka kapena ku Ndola, musamuche Grecian ai. Liu loyenera ndi "Greek".

Baibulo la King James linatuluka mu 1611, liuli likali ndi moyo. M'Cipangano Catsopano omasulira ace anapeza mau awiri osiyana a Cigiriki. Loyamba ndi Hellenes, Agiriki amene sanali Ayuda, ndipo analimasulira kuti "Greeks", monga pa Yohane 12:20 ndi pa Aroma 1:16. Laciwiri ndi Hellenistai, kutanthauza olankhula Cigiriki, ndipo ili analimasulira kuti "Grecians", monga pa Nchito 6:1 ndi 9:29. Pa ndime ziwirizi anthu ace ndi Ayuda enieni. Koma cenjerani, cifukwa m'Cipangano Cakale ca Baibulo lomwelo, pa Yoweli 3:6, "Grecians" ndi Agiriki a ku Greece. Liu ndi limodzi, matanthauzo ndi awiri.

Nanga Myuda anali kulankhula bwanji Cigiriki? Mfumu Alexander Wamkulu, amene anamwalira m'caka ca 323 Yesu asanabadwe, anagonjetsa maiko ambiri, ndipo Cigiriki cinakhala cilankhulo ca pamsika kuyambira ku Egypt mpaka ku Syria, monga Cinyanja ciliri ku Lusaka. Ayuda obadwira kumaiko amenewo anakula ndi Cigiriki, kotero kuti ku Alexandria Malembo a Ciheberi anamasuliridwa m'Cigiriki, ndilo buku lija lochedwa Septuagint. Ena mwa iwo anabwerera kudzakhala ku Yerusalemu, kumene abale ao anali kulankhula Ciaramu.

Ife a Kum'mawa nkhaniyi si yacilendo kwa ife. Taganizani za mwana wa Mcewa wa ku Katete wobadwira ku migodi, ku Mufulira kapena ku Luanshya. Mfunda wace ndi Phiri kapena Banda, manda a makolo ace ali konkuno, koma pakamwa pace pamatuluka Cibemba. Akabwera kumudzi timamucha "uja wa Cibemba". Ameneyo ndiye "Grecian" wa pa Nchito 6. Amasiye oiwalidwa aja sanali alendo ai. Anali Ayuda anzao, Akhristu anzao, osiyana cilankhulo cabe.

Onani tsono zimene Atumwi anacita. Sanakane dandaulo, ndipo sanadzudzule odandaulawo kuti akugawa Mpingo. Anaitana gulu lonse kuti lisankhe amuna asanu ndi awiri oyang'anira kagawidwe ka cakudya. Osankhidwawo anali Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmenasi ndi Nikolasi wa ku Antiokeya. Maina onsewa ndi a Cigiriki, cimene akatswiri ambiri a Malembo amaciona ngati cizindikiro cakuti nchitoyi inapatsidwa kwa a mbali yomwe inadandaula.

Izi ndazilemba cifukwa ca zimene ndinaona m'caka ca 2024. Mvula itakanika, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Ife a mphakati tinasonkha timagaloni ta cimanga, ndipo tinalemba maina a amasiye ofunika thandizo. Pa ndandanda panalibe dzina la mai wina amene anabwera kucokera ku migodi amuna ace atamwalira. Palibe amene anali kudana nao. Kungoti pa msonkhano anali kukhala cete kumbuyo, poopa kusekedwa Cinyanja cao copotoka, ndipo olemba maina analemba okhawo amene amaceza nao pacitsime. Ine ndemwe ndinasaina pepalalo osaona colakwa. Anatitsegula maso ndi mdzukulu wao, pamene anabwera kudzapempha gaga.

Cotero inu a m'makomiti a cithandizo, m'mipingo ndi m'midzi, musanatseke ndandanda funsani kuti ndani sanalankhule pa msonkhano, ndipo cifukwa cace nciani. Pakati pa olemba maina ikaniponso mmodzi wa iwo amene timawayesa obwera. Ndipo inu amene mumakonda Baibulo la King James, lisungeni bwino, koma mukapeza liu lacikale muzilinganiza ndi Baibulo la Cinyanja, kapena funsani abusa anu ndi aphunzitsi musanaime kuphunzitsa anzanu.