Njinga zamoto zakale zikuukanso ku Nsadzo

NSADZO, Chifunde — Mvula ikayamba mu Novembala, misewu ya dothi ya kuno imasankha yokha chokwera chimene chidutse. Galimoto imatitimira m'matope, njinga yopalasa imakwera paphewa la mwiniwake, ndipo mota zazifupi za masiku ano zimakhula mimba pa miyala ya m'mitsinje. Imene imaoloka osavuta kawirikawiri ndi njinga yamoto yakale, yaitali miyendo: Honda XL, Yamaha DT kapena Yamaha AG.

Chifukwa cha ichi, pali abambo ndi anyamata amene akamva kuti chigoba cha njinga yotere chagona kuseri kwa nkhokwe ya munthu, tulo sawona. Amachigula, n'kumachikonza pang'onopang'ono dzuwa likapendeka, atabwera ku munda. Ena amatha chaka chathunthu. Phindu la ndalama silioneka msanga, koma chimwemwe chawo ndi tsiku limene injini yoti inafa kalekale ikhosomola ndi kuyamba kulira.

Zinafika bwanji kuno

Njingazi zinapangidwa ku Japan. Yamaha AG100 inatuluka mu 1973, ndipo anaipangira alimi a ku Australia oweta nkhosa ndi ng'ombe m'minda ikuluikulu. N'chifukwa chake tcheni chake n'chotsekeredwa m'bokosi kuti fumbi ndi matope zisalowe, ndipo ili ndi zonyamulira katundu kutsogolo ndi kumbuyo. Honda XL125 ndi Yamaha DT125 zinatchuka m'zaka zomwezo za m'ma 1970.

Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu amene anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, monga ku msasa wa Ukwimi kufupi ndi Petauke, anayamba kubwerera. Misewu inali itamera thengo, milatho yambiri itagwa. Mabungwe othandiza anthu, alangizi a ulimi ndi anamwino a katemera ankadalira njinga zamoto za m'tchire kuti afike m'midzi. Ulimi wa fodya utakula m'maboma a Chifunde, Macanga ndi Angónia, alangizi ake nawonso anayenda pa njinga za mtundu womwewu. Zitakalamba, zina zinagulitsidwa kwa anthu wamba, zina zinangosiyidwa.

Kenaka kunabwera mota za ku China ndi ku India, monga Lifo ndi Boxer. Mtengo wake ndi wofikirika ndipo zipangizo zake zili pa msika uliwonse. Zakale zija zinaiwalika, kufikira pamene anthu anaona kuti chitsulo chake sichitha msanga.

Ntchito imayambira pa injini

Amakaniko odziwa amayamba ndi kufunsa mtundu wa injini, pakuti ilipo iwiri. DT125 ndi AG100 zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, n'chifukwa chake zimatulutsa utsi wobiriwira. Zili ndi kapampu kotchedwa Autolube kamene kamathira oyiloyo kokha. Kapampuka kakafa mwini njinga osadziwa, pisitoni imauma ndi kugwira pakati pa ulendo. Ambiri amakachotsa n'kumasakaniza okha m'thanki. Muyezo wofala ndi mamililita 40 a oyilo wa 2T pa lita imodzi ya petulo. Oyilo wa galimoto sayenera kulowa m'malo mwake, chifukwa amasiya mwaye pa pulagi ndi m'paipi ya utsi.

Honda XL ndi Yamaha AG200 siziwotcha oyilo. Zimausunga pansi pa injini, pafupifupi lita imodzi yokha. Oyilo wochepa chotere amada msanga m'fumbi la mwezi wa Okutobala. Pa XL125, chitsulo chotsegula mavavu chimazungulira pa mutu weniweni wa injini, ndipo oyilo wakuda amadya mutuwo, chinthu chodula ndi chosowa. Kusintha oyilo pa makilomita 1,000 alionse n'kotchipa kuposa kufunafuna mutu wina.

Injini ikatha mphamvu, silinda imapita kwa a makina mumzinda kuti akaikulitse bowo. Mapisitoni okulirapo amabwera m'miyezo inayi: 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 ya milimita. Wanzeru amayamba ndi muyezo waung'ono kuti silinda idzakonzedwenso kawiri kapena katatu mtsogolo. Wothamangira muyezo womaliza wafupikitsa yekha moyo wa njinga yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mdani wamkulu kuno ndi fumbi. Sefa ya mpweya ya thonje lofewa imafuna kutsukidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono. Njinga yoyenda yopanda sefa imameza mchenga, ndipo maring'i atsopano amatha nyengo imodzi isanathe. Petulo wa m'mabotolo naye amafuna kusefedwa ndi kansalu koyera, pakuti madzi ndi zinyalala ndizo zimatseka kabuleta.

Zipangizo ndi mapepala

Chovuta chachikulu ndi kupeza zipangizo. Mzinda wa Tete uli kutali, ndiye ambiri amadutsa pa chipata cha Cassacatiza kulowa ku Chanida, n'kupitirira ku Katete, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kapena ku Chipata. Ena amaitanitsa ku Lilongwe. Injini zambiri za ku China anatengera pa Honda CG125 ya mu 1975, choncho zina mwa zipangizo zake zimaoneka ngati za XL koma sizilowa. Ndi bwino kunyamula chipangizo chakale pokagula, n'kuyerekeza pamaso pa wogulitsa. Tcheni ndi masipuloketi ake awiri zimasinthidwa pamodzi, chifukwa chakale chimadya chatsopano.

Koma chisanagulidwe chigoba chilichonse, choyamba ndi mapepala. Dera la m'malire limakopa njinga zakuba zochokera mbali zonse. Nambala ya injini ndi ya chigoba ziyenera kufanana ndi zolembedwa mu livrete. Nambala ikaoneka yopalidwa, wogula aisiye, ngakhale mtengo ukome bwanji. Munthu angathe kuthira ndalama za fodya wa chaka chonse m'njinga, apolisi n'kudzailanda tsiku limodzi. Kugulana kuchitike pamaso pa mfumu kapena mlembi wa mudzi, ndi kalata yosainidwa ndi mboni.

Lamulo la pamsewu la dziko lino limafuna kuti woyendetsa akhale ndi chiphaso, ndiponso kuti iye ndi wokwera kumbuyo avale kapasete. Injini ikalira, ntchito sinathe. Mabuleki, masipoko, matayala ndi nyali ziyenera kukonzedwa njinga isanatuluke pabwalo.

Pa mudzi pakakhala njinga imodzi yotere yoyenda bwino, nkhani siikhalanso ya mwiniwake yekha. Mwana akakomoka ndi malungo usiku wa mvula, kapena munthu akalumidwa ndi njoka ku dimba, khomo limene anthu amagogoda ndi la bambo uja ankamuseka kuti akutaya nthawi ndi zitsulo zadzimbiri.