Mphunzitsi Amene Anayang'ana Pansi pa Madzi

Pamene Bambo James Counsilman anayamba kuphunzitsa kusambira pa sukulu ya ukachenjede ya Indiana, m'dziko la Amereka, m'chaka cha 1957, aphunzitsi ambiri a masewerawa ankaweruza ophunzira ao poyang'ana ali chiimire pamtunda. Bambo Counsilman, amene iwo eni anali katswiri wosambira pamene anali kuphunzira ku Ohio State, sanakhutire nazo, pakuti munthu woima pamtunda saona chimene manja alikuchita pansi pa madzi.

Tsono iwo anatenga makina ojambulira kanema nayamba kujambula osambira pansi pa madzi pomwepo. Zithunzizo zinasonyeza kuti akatswiri sakoka madzi ndi mkono woongoka, koma amapinda chigongono, dzanja ndi kumayenda mokhotakhota. Zimene anapezazo anazilemba m'buku lotchedwa The Science of Swimming, limene linatuluka mu 1968. Anaikanso koloko yaikulu pambali pa dziwe kuti mnyamata aliyense aziwerenga yekha nthawi yake yosambira ndi yopuma, osadikira kuuzidwa.

Komatu luso la manja palokha silikwanira ngati mtima uli wofooka. Iwo ankauza anyamata ao poyera kuti wofuna kupambana ayenera kupyola magawo atatu a kutopa: kuwawa pang'ono, ululu, ndi kuzunzika kwenikweni. Mnyamata wodziwiratu zimenezi sachita mantha ululu ukafika. Koma pozindikira kuti ntchito yowawa yopanda chisangalalo imathawitsa ana, ankaseka nao, kuwayamikira, ndi kupatsa maswiti amene afika pa nthawi yoikika.

Zipatso zake zinaoneka. Gulu la Indiana linapambana mpikisano wa sukulu zaukachenjede za m'dzikomo zaka 6 zotsatizana, kuyambira 1968 mpaka 1973. Wophunzira wao, Mark Spitz, anatenga mendulo 7 zagolide pa masewera a Olimpiki ku Munich mu 1972. Ku Montreal mu 1976, amuna a ku Amereka amene iwo anawatsogolera anatenga mendulo zagolide 12 mwa 13.

Mu 1979, ali ndi zaka 58, Bambo Counsilman anasambira kuoloka nyanja ya pakati pa Mangalande ndi France, nalawa okha ululu umene ankauphunzitsa. Anamwalira mu 2004.

Aphunzitsi ndi onse oyang'anira anzao pa ntchito angatolepo phunziro ili: asanadzudzule wolephera, ayambe aona bwino pamene pagona cholakwa, pakuti kawirikawiri chimabisika pansi pa madzi.